Kodi kamakina ka Raman kamadziwa bwanji zomwe zili mubotolo osalitsegula?

Mwalemba kuti ku labu kwanu abweretsa kamakina ka m'manja ka Raman koyezera ma kemikolo akamafika musanawalandire, mumangoloza pa botolo kapena pa jumbo nkudina batani, pakapita masekondi angapo kakuuzani PASS kapena FAIL. Ndiye mukufuna kudziwa kuti mkatimo mumachitika chani, nchifukwa chani ma powder ena amatulutsa ma peak ooneka bwinobwino, tizitunda tosongoka ta pa graph, pomwe ena amangotulutsa chimulu chachikulu chopanda kanthu, komanso ngati FTIR yanu yakale ija, makina oyezera ndi kuwala kwa infrared, ikadali ndi ntchito. Ndasangalala kuti simunakhutire ndi PASS yo, anthu ambiri amathera pomwepo basi.

Chinthu choyamba kugwira nchakuti kuwala komwe Raman amafuna ndi kochepa zedi, kochepa moti chilichonse chomwe chili m'makinamo, kuyambira laser mpakana detector, anachiika pofuna kupulumutsa kakuwala kameneko kuti kasamire mu kuwala kwina. Mukamvetsa zimenezi mafunso anu atatu onse ayankhika okha.

Mukawalitsa laser pa chinthu, kuwala kwina kumadutsa, kwina kumamwedwa, kwina kumamwazika mbali zonse. Pa komwazikako pafupifupi konse kumatuluka ndi mtundu womwewo umene kunalowa nawo, mphamvu ya fotoni iliyonse, kachidutswa ka kuwala, osasintha olo pang'ono, kumeneko ndi komwe timati Rayleigh scattering. Koma mwa apo ndi apo, mwina fotoni imodzi pa mafotoni omwazika 10 miliyoni, imasiyako kamphamvu mu molekyulu nkuipangitsa kunjenjemera, ndiye fotoniyo imatuluka itaperewera, mtundu wake utasunthira chakofiira. Kuperewerako sikongochitika mwachisawawa ayi, kumafanana ndendende ndi mphamvu ya kunjenjemera kwina kwake kwa maatomu a mu molekyuluyo. Maatomu sakhala phee, ma bondi amatamuka nkubwerera, amapindika, ma ring amafufuma nkuphwa, ndipo kunjenjemera kulikonse kuli ndi liwiro lake malingana ndi kulemera kwa maatomuwo ndi kulimba kwa bondi. Maatomu opepuka ndi bondi yolimba amanjenjemera mwachangu, olemera pang'onopang'ono. Nchifukwa chake C-H mumaipeza kumtunda uko pakati pa 2800 ndi 3100 cm⁻¹, C≡N cha pa 2250, C=C cha pa 1650, pomwe S-S ili kumunsi cha pa 500.

Nambala zomwe mumaona pansi pa graph zija si utali wa funde la kuwala, ndi kusiyana kwa pakati pa laser ndi kuwala komwe kwabwerera. Tiyerekeze peak ya pa 1000 cm⁻¹. Ndi laser ya 532 nm kuwala kwake kumafika pa detector kuli cha pa 562 nm, ndi laser ya 785 nm kumafika kuli cha pa 852 nm, koma pa graph peak yo ikhala pa 1000 pomwepo. Nde polystyrene ikupatsani peak yake ya pa 1001 kaya mwagwiritsa laser iti, diamondi 1332, silicon cha pa 520. Pali mafotoni ena ochepa omwe amakumana ndi molekyulu yoti ikunjenjemera kale nkutengako mphamvu mmalo mosiya, amenewo ndi anti-Stokes, enawo ndi Stokes. Pa kutentha wamba mamolekyulu ambiri amakhala pa mphamvu yotsika kotero mbali ya Stokes ndi yomwe imakhala yamphamvu ndipo makina ambiri amangoyeza mbali imeneyo.

Zimenezi anazipeza ndi C. V. Raman ndi K. S. Krishnan ku Calcutta mu 1928, poyamba akugwiritsa kuwala kwa dzuwa, ma fyuluta a mitundu ndi maso awo, kenako nyali ya mercury, ndipo tsiku la 28 February ku India amalikumbukirabe ngati tsiku la sayansi. Chaka chomwecho Landsberg ndi Mandelstam ku Moscow anaona zomwezo mu quartz, Adolf Smekal anali atalosera kale pa pepala mu 1923, koma Nobel ya 1930 inapita kwa Raman. Kwa zaka zambiri njirayi inali yotopetsa, kudikira maola kuti mbale ya zithunzi igwire timizere tofooka, ndiye anthu a chemistry anathamangira ku infrared. Zinasintha laser itabwera mu 1960, ndipo zinadzasinthiratu ma detector a CCD ndi ma fyuluta abwino atapezeka, ndi zimene zachititsa kuti lero chinthucho chikwane m'dzanja.

Tiyeni tiyende ndi kuwala mkati mwa makinamo. Kumayambira pa laser, ndipo laser yake siyofanana ndi ya pointer ayi, imafunika kukhala ya mtundu umodzi weniweni komanso yosasuntha, poti ma peak onse amayezedwa kuchokera pa iyo, ikasuntha pang'ono spectrum yonse, graph ya ma peak ija, yasuntha, ikakhala yotakata ma peak onse atakata. Ikangotuluka imadutsa pa kafyuluta kolola mtundu wa laser wokhawo, chifukwa laser ya diode imatulutsanso kakuwala kena m'mbali komwe kangadzaoneke ngati signal. Kenako galasi lapadera la dichroic limaikhotetsera ku lenzi, lenziyo imasonkhanitsa kuwala pa kadontho kakang'ono pa sampulo, ndipo lenzi yomweyo imatola kuwala komwe kwabwerera m'mbuyo.

Apa ndi pomwe pali nkhondo yeniyeni. Kuwala kobwererako nkodzadza ndi Rayleigh ndi laser yongonyezimira, Raman ali mommo koma zili ngati kufuna kumva munthu akunong'ona mutaima pafupi ndi injini ya ndege. Nde pamakhala fyuluta ya edge kapena ya notch yomwe imatsekereza mtundu wa laser kambirimbiri, kuchepetsa mwina ka miliyoni, nkulola enawo kudutsa. Edge imalola mbali ya Stokes yokha, notch imangodula pakati nkusiya mbali zonse ziwiri. Fyuluta imeneyi ndi yomwe imalamula kuti muyandikire bwanji ku laser, makina ambiri a m'manja amayambira cha pa 200 kapena kupitirira apo, ndipo zimenezo zili ndi mtengo wake poti kumunsi kumeneko ndi komwe kumakhala kunjenjemera kwa crystal yonse. Mwachitsanzo titanium dioxide ya anatase peak yake yaikulu ili pa 144, makina oyambira pa 250 saiona nkomwe, amangodalira ma peak enawo.

Kuwala kotsalako kumalowa pa kampata kopyapyala ka slit, kukafika pa grating, kagalasi kolembedwa timizere tambirimbiri, 600, 1200 kapena 1800 pa milimita imodzi, komwe kamamwaza mitundu ya kuwala iliyonse njira yake, nkugwera pa detector ya CCD yomwe ili ndi ma pixel ondandalikana, pixel iliyonse ikuwerenga kachigawo kake ka spectrum nthawi imodzi. Timizere tikachuluka ma peak oyandikana amasiyanitsika bwino koma mumaona kachigawo kochepa ka spectrum, slit ikachepa ma peak amaonda koma kuwala kolowa kumachepanso, palibe chaulere. Makina akuluakulu a pa tebulo amaziziritsa CCD mpaka cha ku -60 kapena -70 °C chifukwa detector yofunda imapanga ma electron yokha olo kulibe kuwala, a m'manja saziziritsa kwambiri choncho ndiye pa ma sampulo ofooka amagonja msanga. Pena muona peak yoonda kwambiri ya pixel imodzi kapena ziwiri yomwe mukabwereza kuyeza siibweranso, imeneyo si kemikolo, ndi cosmic ray yagunda detector.

Tsopano chimulu chija. Chimenecho ndi fluorescence, mdani wamkulu wa Raman, ndipo aliyense wogwira makinawa amadzakumana nayo. Mamolekyulu ena mmalo momwaza kuwala amakumeza kaye, ma electron nkukwera, kenako nkutulutsa kuwala kwawo kotakata kopanda ma peak, ndipo njira imeneyi ndi yamphamvu kuposa Raman kutalitali moti sipafunika kuti kemikolo yanu yeniyeniyo ikhale yowala choncho, kachitsotso kochepetsetsa kosakanikirana mommo nkokwanira kuphimba zonse. Zinthu zochokera ku zomera, zamitundu, zachikasu kapena zabulauni, mafuta akuda, mapepala, microcrystalline cellulose pa 785 nm, zonsezi zimavuta.

Anthu ambiri amaganiza kuti software ichotsa baseline, mzere wa chimulucho womwe ma peak amakhalapo, nkutha nkhani. Imachotsadi maonekedwe a chimulucho koma phokoso lake limatsala, ndipo masamu ake ndi osavuta: kuwerenga mafotoni kumabwera ndi phokoso lofanana ndi square root ya chiwerengerocho. Chimulu chikakhala cha ma count 1,000,000 phokoso lake ndi 1,000, ndiye peak ya ma count 500 yamira basi, muchotse baseline mmene mungathere simuipeza, chomwe mupeze ndi tizitunda topangidwa ndi software tomwe munthu wosazolowera angaganize kuti ndi ma peak. Ine spectrum yokonzedwa kale sindimaikhulupirira ndisanaone yaiwisi yake.

Mankhwala enieni a fluorescence ndi kusintha laser, ndipo apa ndi pomwe mumaona chifukwa chake pali ma laser osiyanasiyana. Mphamvu ya Raman imatsika motsatira utali wa funde pa power ya 4 (λ×λ×λ×λ), kutanthauza kuti laser yobiriwira ya 532 nm imapereka signal pafupifupi kasanu kuposa ya 785 nm, ndi ka 16 kuposa ya 1064 nm. Koma yobiriwirayo mafotoni ake ali ndi mphamvu zokwanira kudzutsa fluorescence mu zinthu zambiri za organic, nde imakondedwa pa miyala, carbon, ma semiconductor ndi ma oxide. Ya 785 nm ndi yapakati, fluorescence yachepa, signal ilipobe, ndipo CCD ya silicon ikutha kuiona, nchifukwa chake makina ambiri a m'manja ali ndi imeneyi ndipo ndikuganiza kuti anunso ndi omwewo. Vuto lake nlakuti pofika pa 3000 cm⁻¹ kuwalako kwafika kale cha pa 1027 nm pomwe silicon yayamba kuchita khungu, ndiye ma peak a C-H amaoneka ofooka kapena makina amangodula asanafikeko. Ya 1064 nm fluorescence imatha pafupifupi yonse pa zinthu zambiri, koma silicon siiona nkomwe, pamafunika detector ya InGaAs kapena germanium yomwe ili ndi phokoso lochuluka, ndipo poti signal ndi yofooka amakweza mphamvu ya laser, zomwe zimaotcha ma sampulo akuda. Kumbali inayo kuli UV yakuya, pansi pa 250 nm, komwe Raman amatha fluorescence isanayambe, ndi chifukwa chake SHERLOC, makina a Raman a pa Perseverance, galimoto ya NASA yomwe inatera pa Mars mu 2021, ili ndi laser ya 248.6 nm. Ngati laser simungasinthe, yesani kusiya laser iwalitse pa malo omwewo kwa kanthawi musanayeze, pena chimulucho chimatsika chokha, kapena yesani malo ena pa sampulo, bola musaiotche.

Za kuotchazi musazipeputse. Makina a m'manja amatulutsa ma milliwatt mazana angapo pa kadontho kakang'ono, ambiri ndi a Class 3B, ndipo 785 nm diso limaiona ngati kakuwala kofiira kofooka pomwe mphamvu yake ndi yokwanira kuononga retina, 1064 nm simuiona nkomwe. Powder yakuda imamwa kuwala nkutentha, itha kusintha kukhala chinthu china inu nkumayeza phulusa lake, ndipo ngati ili yoyaka kapena yophulika itha kuyakadi. Powder yakuda yosadziwika musailoze ili mubotolo lotseka, tapaniko pang'ono, tsitsani mphamvu.

Nanga FTIR? Musaitaye. Zonse ziwiri zimayang'ana kunjenjemera komweko koma lamulo lake ndi losiyana. Infrared imaona kunjenjemera komwe kumasintha dipole ya molekyulu, kutanthauza kusiyana kwa mbali yake ya positive ndi ya negative, Raman amaona komwe kumasintha polarizability, kutanthauza kufewa kwa mtambo wa ma electron kuti kuwala kuukankhe. Ndiye ma bondi okhala ndi mbali ya positive ndi negative monga O-H ndi C=O amafuula mu infrared, pomwe ofanana mbali zonse monga C=C, S-S ndi ma ring a benzene amafuula mu Raman. Nitrogen ndi oxygen za mumpweya infrared siziona koma mu Raman zili pa 2331 ndi 1555. Carbon dioxide ndi chitsanzo chabwino: ma oxygen awiri akamatamuka limodzi dipole siisintha, Raman yekha ndi amene amaona, wina akamalowa wina akutuluka infrared imaona pa 2349 koma Raman ayi. Pa molekyulu iliyonse yokhala ndi centre of symmetry, yofanana ndendende mbali zoyang'anizana kuchokera pakati pake ngati carbon dioxide, lamulo ndi lomwelo, chomwe uyu waona winayo saona.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku phindu lalikulu nlakuti madzi ndi ofooka mu Raman, nde mutha kuyeza zosungunuka m'madzi pomwe infrared imangodzadza ndi madziwo. Galasi ndi pulasitiki yoonekera zimalola kuwala kudutsa, lenzi nkuika kadontho kake kuseri kwa khomalo, ndi mmene mumayezera osatsegula. Koma khomalo silimasowa kwathunthu, jumbo ya polyethylene ili ndi ma peak ake cha pa 1062, 1130, 1295 ndi 1440 ndipo mukayeza mosaigunditsa bwino ndi powder muyeza jumboyo, magalasi ena pa 785 nm amapereka kachimulu cha pa 1400. Zigubu zosaonekera ndi matumba a mapepala zimafuna njira ina ya SORS, yomwe Pavel Matousek ndi anzake anaionetsa ku Rutherford Appleton Laboratory mu 2005, kutola kuwala patali pang'ono ndi pomwe laser yagunda kuti mupeze mafotoni omwe ayenda mkati. Ndipo kuwala kwa mchipinda nakonso kumalowa, machubu a magetsi ali ndi mizere ya mercury yoonda ngati ma peak, phimbani poyeza. Pomwe fluorescence yakugonjetsani, FTIR ya ATR, yomwe mumakanikiza sampulo pa ka crystal, imagwira bwinobwino poti fluorescence ilibe nayo ntchito.

Chinanso chomwe Raman amachita bwino ndi kusiyanitsa ma crystal a kemikolo imodzi. Calcite ndi aragonite zonse ndi calcium carbonate, peak yaikulu ili cha pa 1085 pa zonse, koma calcite ili ndi ina pa 282 pomwe aragonite ili nayo pa 206. Anatase ndi rutile chimodzimodzi, rutile ili pa 447 ndi 612. Ku mankhwala nkhani imeneyi ndi yaikulu poti crystal ina ya kemikolo yomweyo, yomwe timati polymorph, imasungunuka mosiyana ndi inzake m'thupi.

Tsopano PASS ija. Makinawo sadziwa chemistry, amangofananiza spectrum yomwe atenga ndi yomwe inasungidwa mu library, ena ndi correlation ena ndi statistics, nambala ikadutsa malire omwe munthu anaika akuti PASS. Ndiye funso loyamba nlakuti library yo anaipanga ndani, ndi sampulo yotsimikizika bwanji, kudzera mu chotengera chanji, ndipo munayesapo kuipatsa ma kemikolo ofanana nayo kuti muone ngati ikana? Magnesium stearate ndi calcium stearate spectrum zake zimalamulidwa ndi tcheni chachitali cha CH₂ kotero zimafanana kwambiri, njira yosayesedwa bwino itha kulandira china mmalo mwa chinzake. Sodium chloride ndi potassium chloride zilibe ma peak oti mudalire, zitsulo chimodzimodzi, pamenepo Raman alibe chonena ndipo pafunika njira ina. Calibration musaiphonye, kandodo ka polystyrene komwe kamabwera ndi makina kaja ndi koyezera kuti ma peak ali pamalo ake, a pa tebulo amakonda silicon kapena cyclohexane yomwe ili pa 801, ndipo chikalata cha miyezo cha ASTM E1840 chili ndi nambala za polystyrene ndi cyclohexane.

Pa mapiritsi samalaninso. Kadontho ka laser ndi kakang'ono, piritsi si losakanikirana mofanana paliponse, ndipo chikutiro chokhala ndi titanium dioxide chimapereka signal yamphamvu yophimba zamkati. Piritsi lokhala ndi mankhwala ochepa, mamiligalamu awiri kapena asanu mu lactose yambiri, spectrum yake ndi ya lactose, nde lachinyengo lopanda mankhwala nkomwe litha kufanana ndi lenileni. Liduleni pakati, yezani malo angapo, ndipo ngati funso ndi la kuchuluka kwa mankhwala pitani ku HPLC, njira ya mu labu yolekanitsa zosakaniza nkuyeza kuchuluka kwake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zamadzimadzi monga glycerin ndi propylene glycol. Raman wamba pa zosakaniza amayamba kuona chinthu chikafika cha pa 1 peresenti, pena kuposa apo ngati spectrum zake zikufanana, ndipo diethylene glycol ndi ethylene glycol ndi abale a zamadzimadzi zimenezi, ma bondi omwewo a C-O ndi C-C, ma peak oyandikana. Malire a USP, buku la miyezo ya mankhwala la ku America, pa ziphe ziwirizi ndi 0.10 peresenti chilichonse. Mu October 2022 WHO inachenjeza za mankhwala a chifuwa a ana omwe anapezeka ku Gambia ali ndi ziphe zimenezi ana atamwalira ndi vuto la impso. Drum yoti muli diethylene glycol yokhayokha koma yalembedwa glycerin, Raman aigwira mosavuta ndipo pamenepo kamakina kanuko ndi kothandiza kwambiri poti mutha kuyeza drum iliyonse osati imodzi pa khumi. Koma drum ya glycerin yeniyeni yothiridwako pang'ono itha kukupatsani PASS yoyera ili pamwamba pa malire kangapo. Pali njira ina ya Raman yotchedwa SERS, yomwe inayamba ndi Fleischmann ndi anzake ku Southampton mu 1974 pa pyridine ndi siliva wokhakhala, imakweza signal ka miliyoni kapena kuposa pa mamolekyulu omamatira ku tinthu ta siliva kapena golide, koma imasankha mamolekyulu ndipo kubwereza zotsatira zofanana nkovuta, si njira yoti mulandirire nayo katundu wotereyu. Pa glycerin, propylene glycol ndi sorbitol ya madzi, Raman akuuzeni kuti drum yo ndi yomwe yalembedwa, kenako tapani sampulo ipite ku gas chromatography musanasaine kuti ilowe mu production.